Soketi ya Pansi pa Masitepe

Tsiku limene anamugwetsera tebulo, Natsache sanalire. Anangogwada pa simenti n'kuyamba kutola timasikuluu take kamodzikamodzi, amuna makumi atatu akumuonerera.

"Wosesa azisesa!" anakuwa wina ali pamwamba pa masitepe. "Kompyuta si dengu la zinyalala!"

Anthu anaseka chikhakhali. A m'mwamba anaseka, a pansi anasekanso, ndipo ndikuuzeni, pa zaka zambiri limeneli linali tsiku loyamba kuti magulu awiriwo asekere chinthu chimodzi.

Inu amene mukuwerenga, ngati munasekedwapo chifukwa chofuna chinthu chimene ena anati si cha msinkhu wanu, nkhani iyi ndi yanu. Ndipo sindikubisirani, ine ndili kumbali ya mayiyu.

Nyumba imene munachitikira zimenezi inali ya nsanjika ziwiri, yodzaza ndi timashopu ta amisiri okonza makompyuta. Kwa amene simudziwa, kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa. Ndi imene imayamba kudzuka mukaiyatsa, ndipo mapulogalamu ena onse amadalira iyo. Pulogalamu imeneyi ndi imene inagawa nyumbayo pakati.

A m'mwamba ankalumbirira pulogalamu yogula, yokhala ndi laisensi, ndiye anthu ankangowatcha Alaisensi. A pansi ankafera pulogalamu yaulere, imene aliyense amaloledwa kuitsegula n'kuisintha, ndipo dzina lawo linali Aulere.

Abale inu, chidani chake! Alaisensi ankati, "Kompyuta zanuzo, munthu ukafuna kusindikiza kalata uyambe wapemphera." Aulere ankabweza, "Inu mumalipira kuti akumangeni manja, n'kuthokozanso." Ketulo ya tiyi gulu lililonse linali ndi yake. Ngakhale ndowa yokolopera, Natsache ankauzidwa kuti ya pansi isakwere m'mwamba.

Mkulu wa Alaisensi anali bambo wina wonenepa amene sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo onse ankati a Tayi. Mkulu wa Aulere anali wamtali, wa ndevu zofika pachifuwa, dzina lake a Chindevu. Awiriwa anali atatha zaka khumi ndi zinayi osapatsana moni. Akakumana pamasitepe, aliyense ankatulutsa foni n'kumaiyang'anitsitsa ngati yalira.

Panalinso khalidwe lina loipa limene magulu onse awiri anali nalo. Kasitomala akabwera ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya gulu linalo, amisiri sankavutika n'kufufuza vuto. Ankangoti, "Vuto ndi pulogalamu yanuyi," basi n'kuifomata, kutanthauza kufufuta zonse za m'kati n'kuikamo yawo. Zithunzi za ukwati, makalata, ntchito za anthu, zambiri zinathera pamenepo. Iwo ankati amupulumutsa munthuyo.

Nanga Natsache anali ndani pakati pa akatswiri onsewa? Anali mayi amene analephera mayeso a sekondale kawiri. Anagwirako ntchito yotaipa makalata pa kashopu kena, koma anthu atayamba kudzilembera okha pa mafoni, kashopuko kanatsekedwa. Mwamuna wake anatsanzika kuti akukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe. Anatsala m'chipinda chimodzi ndi mayi ake odwala mwendo komanso mwana wake wamkazi. Ntchito imene inapezeka inali yosesa m'nyumba ya amisiriyo, ndipo dzina lake lenileni linathera pakhomo. Onse ankangoti Natsache.

Koma wosesa amaona zimene ena ataya. Madzulo aliwonse ankapeza m'zinyalala makompyuta akale, makiyibodi oguluka mabatani, mabuku ong'ambika zikuto. Anayamba kunyamula n'kumakasunga kunsi kwa bedi.

"Mwana wanga," ankadandaula mayi ake, "anzako akubweretsa apongozi pakhomo, iwe ukubweretsa zitsulo. Tizigona pati?"

"Mugona, amayi. Zitsulozi sizichita mkonono."

Lamlungu lililonse masana ankayala mkeka, n'kumasula, n'kulumikiza, n'kuyatsa. Anapsa zala kangapo. Tsiku lina kompyuta ina inathetheka n'kuwotcha katani, mayi ake anakhala masiku awiri osamulankhula. Iye sanasiye.

Ndiye taonani mmene zinthu zimakhalira. Popeza ankaphunzirira pa zotayidwa, anayambira pa makompyuta akale kwambiri, a sikirini yakuda bii, opanda zithunzi, opanda mausi, oti chilichonse uchite kulemba lamulo ndi zala. Atawadziwa amenewo anafika pa a pulogalamu yogula, kenako pa a yaulere, chifukwa zinyalala za m'mwamba ndi za pansi zonse zinkadutsa m'manja mwake. Anatha zaka zisanu ndi chimodzi akuchita zimenezi. Anaona chinthu chimene amisiri aja sankafuna kuona, chakuti ukatsegula chivindikiro, fumbi lake ndi limodzimodzi ndipo mawaya ake ndi omwewo.

Pansi pa masitepe panali kamalo kopanda mwini, pamene ankasungapo matsache. Pakhoma pake panali soketi imodzi ya magetsi. Sinali ya m'mwamba, sinali ya pansi. Natsache ankaiyang'ana tsiku ndi tsiku, mtima ukumuuza kuti tebulo laling'ono likhoza kukwana pamenepo. Sankafuna shopu ya magalasi ayi. Ankafuna soketi imeneyo basi, kuti naye azitchedwa mmisiri.

Lamulo la komiti ya nyumbayo linali lakuti wofuna malo alembe fomu, atchule gulu lake, ndipo mkulu wa gululo asainire. Anakwera kwa a Tayi.

"Satifiketi uli nayo?" anafunsa a Tayi osadzutsa n'komwe mutu.

"Ndilibe, bambo. Ndili ndi manja."

"Manja ali ndi ntchito kale. Pakona apo pali fumbi."

Anatsikira kwa a Chindevu. Iwo anamulandira bwino, mpaka kumupatsa mpando. "Kuno sitifunsa mapepala, chemwali. Ungolonjeza pamaso pa anzathu kuti sudzagwira pulogalamu ya a m'mwambawo. Ikabwera, kufufuta."

"Nanga zinthu za mwini wake zimene zili m'katimo?"

"Ufulu uli ndi mtengo wake," anayankha akusisita ndevu.

"Ndiye ufulu wanuwo ukhale," anatero Natsache, n'kubweza mpando.

Mawa lake anabwera ndi katebulo kake n'kukaika pansi pa masitepe popanda chilolezo cha munthu. Kanakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu ndi lija anakagwetsa, timasikuluu n'kumwazika pa simenti. Komiti inamata soketiyo ndi tepi, ndipo anamuchenjeza kuti akadzayambiranso, ngakhale tsache adzalandidwa.

Atafika kunyumba anawafotokozera mayi ake zonse. Iye ankayembekezera mawu aja akuti ndinakuuza. Koma iwo anati, "Iwe, katani yanga inapsera chabe? Usandichititse manyazi. Bwerera."

Anabwerera. Ankasesa ngati kale, koma m'thumba la epuloni munkakhala sikuludiraiva. Miyezi inayi inatha choncho, akumuseka, ena akumuitana kuti "injiniya wa fumbi". Zinkamupweteka, ndisaname. Masiku ena ankalowa m'chimbudzi n'kutsegula mpopi kuti anthu asamve kuti akulira.

Ndiye m'mawa wina kunabwera mayi wachikulire akukankhitsa wilibala. Mu wilibalamo munali kompyuta yachikasu ndi ukalamba, yolemera ngati thumba la simenti. Mayiyu anali ndi shopu yopeta mabaji a mayunifomu a sukulu, ndipo anthu ankawatcha Mayi a Mabaji. Kompyutayo ndi imene inkayendetsa makina awo opetera, ndipo m'kati mwake munali mapatani a mabaji a sukulu makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Inali itangosiya kudzuka, sukulu zitatsala milungu iwiri kuti zitsegulidwe.

Amisiri a m'mwamba anaiyatsa, anawerenga zimene inalemba, n'kupukusa mitu. "Ikuti mulibe disiki yosungira zinthu. Yafa iyi, mayi. Gulani yatsopano, tikuikireni pulogalamu ya laisensi."

A pansi anati, "Musawamvere amenewo, akufuna kukudyerani. Disiki tiichotsa, tiifomata, tiikamo yathu. Idzawala ngati yatsopano."

"Nanga mabaji anga?"

Makina opeterawo ankamva pulogalamu yakale yokhayo, ndipo aliyense ankadziwa kuti njira zonse ziwirizo zikutanthauza kuti mabaji apita. Mayiwo anakhala pa sitepe yomaliza, chitenje kumaso. Wina wa Aulere anali atayamba kale kumasula chivindikiro.

"Siyani!"

Anali Natsache, tsache lili m'manja.

"Musafufute kanthu. Disikiyo ndi yamoyo. Kompyutayi yangoiwala kuti ili nayo."

Phokoso limene linabuka linatulutsa a Tayi mu ofesi yawo, a Chindevu nawo anabwera. Anaima motalikirana, wina pamwamba, wina pansi.

"Tinakuchenjeza, iwe," anatero a Tayi.

"Munandichenjeza, ndinamva," anayankha Natsache. "Ndiye tipangane pamaso pa anthu onsewa. Ndikaidzutsa osataya baji ngakhale imodzi, soketi iyo ndi yanga. Ndikalephera, tsache lanu ili, simudzandionanso m'nyumba muno."

Taganizani, mayi wa mwana, wosamala kholo lodwala, kuika ntchito yake yokhayo pa kompyuta ya zaka pafupifupi makumi atatu! Ena anati wapenga. A Chindevu anaseka n'kunena kuti iwo avomera, pofuna kuti a Tayi aoneke ouma mtima. A Tayi nawo anavomera, poopa kuti a Chindevu angaoneke abwino okha. Mayi a Mabaji anamuyang'ana Natsache kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mwa onsewa, ndiwe wekha wanena kuti usafufute. Gwira, mwanangu."

Anamatula tepi pa soketi ija. Anatembenuza ndowa n'kuikapo kompyutayo. Atatsegula, anapemerera fumbi n'kuloza kabatire kakang'ono, kozungulira ngati ka wotchi.

"Aka ndi kamene kamaikumbutsa zinthu ikazima. Katha mphamvu."

Anatumiza uthenga kwa wokonza mawotchi wa panja, kabatire katsopano kanabwera, anakaika. Anayatsa. Sikirini inalemba zomwe zija, kuti mulibe disiki.

"Tsache! Tsache!" anayamba kuimba ena.

Natsache sanawayang'ane. Ankadziwa chimene iwo sankadziwa. Makompyuta a masiku ano amaizindikira okha disiki, koma akalewo umachita kuwauza kukula kwake polemba manambala ndi dzanja. Manambalawo amakhala pa kapepala komata pa disikiyo. Anawerama kuti awerenge. Kapepalako kanali katafufutika, manambala awiri okha ndi amene ankaoneka.

Anayesa kuganizira otsalawo. Inakana. Anayesanso ena. Inakananso. M'maganizo anaona nkhope ya mwana wake, anaona mankhwala a mwendo wa mayi ake. Wina anamubweretsera tsache n'kuliimika pafupi naye, anthu n'kuseka.

Pamenepo anakumbukira zitsulo za kunsi kwa bedi. Kangapo konse anapezapo kuti amisiri akale, podziwa kuti mapepala amafufutika, ankalemba manambalawo m'kati mwa chivindikiro. Anatola chivindikiro chija pansi, anachitembenuza, n'kupukuta ndi epuloni.

Analipo. Manambala onse, olembedwa bwinobwino ndi inki yakuda, zilembo zopendekera kumanja.

A Tayi anali atatsika masitepe angapo kuti aone. Ataona zilembozo anaima chilili ngati akuzidziwa, dzanja lili pa tayi.

Natsache analemba manambalawo n'kuyatsanso. Disiki inalira, krrr, krrr, ngati munthu wokalamba akudzuka pa mkeka. Sikirini yakuda inaonetsa kamzere kothwanima, kudikira lamulo. Amisiri ambiri pamenepo sankadziwa n'komwe choti alembe. Zala za Natsache, zija zinkataipa makalata, zinathamanga pa kiyibodi, ndipo maina a mabaji anayamba kutsika pa sikirini. Mayi a Mabaji ankawerenga mokweza, chala chili pa galasi, mpaka anafika pa makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Anaimba nthungululu nyumba yonse inamva.

"Dikirani, mayi," anatero Natsache. "Tione ngati pulogalamu yoyendetsa makina anu ikutseguka."

Analemba lamulo lina. Pulogalamuyo inatseguka, ndipo pamwamba pake panatuluka mawu amene oipanga anasiyapo. Mmodzi wa Alaisensi anawawerenga mokweza asanaganize:

"Yolembedwa ndi Tayi ndi Ndevu, anyamata a mpando umodzi."



Mayi a Mabaji anatembenuka, anayang'ana wonenepa uja, anayang'ana wandevu uja, n'kuwomba m'manja. "Mayo ine! Ndinu ana aja? Malemu amuna anga ankakusungani kuseli kwa shopu mwezi wathunthu mukulemba zimenezi! Munali owonda ngati mawaya. Wina anali ndi kompyuta yopanda sikirini, wina sikirini yopanda kompyuta, ndiye mumayenda limodzi ngati mapasa. Mpando unali umodzi, mumachita kukhalirana theka theka. Iwe tayi yako inali yobwereka, ndipo iwe tindevu tako tinali titatu!"

Amisiri a magulu onse awiri anayang'ana akuluakulu awo kukamwa kuli yasa. Palibe amene anawauzapo kuti anthu awiriwa anayambira limodzi, pa sikirini yakuda, mapulogalamu amene ankakanganiranawo asanafike n'komwe m'manja mwawo. Chinawalekanitsa n'chiyani? Atagula kompyuta yawo yoyamba yatsopano, anakangana kuti aikemo pulogalamu iti. Basi, nkhani yake ndi yomweyo. Zaka khumi ndi zinayi!

Natsache anaimirira n'kupukuta manja.

"Bambo Tayi, bambo Chindevu, ntchito iyi ndi yabwino. Yagwira zaka zonsezi osadandaula. Lero anthu anu omwe akanaifufuta, wina m'dzina la laisensi, wina m'dzina la ufulu, ndipo mukanawayamikira. Ine ndatha zaka ndikusesa zimene mumataya. Ndikudziwa zimene ndikunena."

A Chindevu ndi amene anayamba kuyankha. "Chemwali, luso ngati limeneli ndi la kwathu. Bwera pansi, tebulo lilipo."

"Ayi," analowerera a Tayi. "Ameneyu akufunika malo aulemu. Za satifiketi tikambirana. Akwere m'mwamba."

Mwaona anthu? Dzulo lomweli anali injiniya wa fumbi.

"Sindinapemphe gulu," anatero Natsache. "Ndinapempha soketi."

Mlembi wa komiti anabwera ndi fomu, akudandaula kuti lamulo ndi lamulo, mzere wa gulu sungakhale wopanda kanthu. Natsache anatenga fomuyo, analemba dzina lake lenileni ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pa mzere wa gulu anangodula kamzere kuchokera uku mpaka uko.

"Asaine ndani tsono?" anafunsa mlembi.

"Anavomera awiri. Asaine awiri."

A Chindevu anatulutsa cholembera n'kusaina. Kenako anaima, cholembera chili m'manja, chifukwa a Tayi anali akupapasa m'matumba osapeza chawo. Anthu onse anaona. Dzanja la a Chindevu linatambasuka pang'onopang'ono, maso akuyang'ana kumbali, ndipo a Tayi analandira.

Anasaina, n'kuchiyang'ana cholemberacho monyansidwa. "Sichilemba bwino ichi."

"N'chaulere," anayankha a Chindevu.

Sindikunamizani kuti anakumbatirana. Mpaka lero amakanganabe, ndipo magulu awo akadalipo. Koma a Tayi, asanakwere masitepe, anatembenuka n'kupereka fomu ija kwa Natsache ndi manja awiri.

"Landirani, amisiri," anatero.

Mayi amene sanalire tsiku limene anamuchititsa manyazi pagulu analira tsiku limenelo, poyera, osabisa nkhope, misozi ikugwera pa fomu mpaka mlembi anachita kumulanda kuti inki ingafufutike.

Lero mukalowa m'nyumba imeneyo mupeza mzere wa anthu pansi pa masitepe, atanyamula makompyuta a mitundu yonse. Amisiri a m'mwamba ndi a pansi akagwira njakata amatsika kapena kukwera mwakachetechete, n'kukaima pa mzere womwewo.

Tsono ndikutembenukira kwa inu. Mwina mayeso anakukanani. Mwina ntchito imene muli nayo ndi yoti anthu sakufunsani n'komwe dzina. Mwina akukuuzani kuti musankhe mbali pa mkangano umene simunauyambitse, apo ayi mukhale panja. Musavomere kuti amenewo ndiwo mathero anu. Phunzirani pa chimene chili m'manja mwanu lero, ngakhale chikhale chotola. Akakusekani, asekeni nawo mumtima, mawa mubwererenso. Ndipo tsiku lanu likafika, musachite manyazi, musapepese, nenani chimene mukufuna mokweza kuti onse amve.

Osataya mtima, ndipo osalola munthu wina akuuzeni polekezera.